Kodi dzikolo ndi la Aisraeli kapena la Apalestina, nanga bwanji osangogawana?

Funso: Mng'ono wanga ali ku Israel, akugwira ntchito m'munda wa zipatso. Chipitireni iye ndimatchera khutu ku nkhani za kumeneko, koma mutu ukundizungulira. Abusa athu akuti nkhondoyo idayamba ndi Isake ndi Ismayeli ndipo sidzatha. Mnzanga wa kuntchito, amene ndi Msilamu, akuti Ayuda adangofika mu 1948 n'kulanda dziko la eni. Akunena zoona ndani? Nanga bwanji osangogawana malowo?

Yankho: Bambo, abusa anu ayiyambira kutali kwambiri nkhaniyi, pomwe mnzanuyo wayiyambira pakati. Mkangano umene mukuumva pa wailesiwu ngwa zaka pafupifupi 140, ndipo udayambira pa minda: akulima ndani, ali ndi chikalata ndani, kenako ali ndi mfuti ndani. Chipembedzo chilimo ndithu, makamaka mukafika pa Jerusalem, koma mukachiika patsogolo simumvetsa chifukwa chake zinthu zidaipa m'zaka za m'ma 1900 osati m'zaka za m'ma 1600.

Zakale tidutsepo mwachangu. Ayuda sadapeke ubale wawo ndi dzikolo. Kudali maufumu a Israeli ndi Yuda, ku Jerusalem kudali Kachisi amene Aroma adagumula m'chaka cha 70, ndipo ngakhale ambiri adabalalika, ena sadachokeko. Nawo Apalestina si alendo obwera dzulo. Ambiri mwa iwo ndi zidzukulu za anthu amene akhala akulima dzikolo kwa zaka mazanamazana, amene adasintha chilankhulo ndi chipembedzo pang'onopang'ono Aarabu achisilamu atatenga Jerusalem cha m'ma 638. Ndipo si onse Asilamu. Pa kalembera wa 1922, pafupifupi munthu mmodzi pa anthu khumi alionse adali Mkhristu, ndipo ku Bethlehem ndi ku Nazareth mpaka lero kuli Apalestina amene amapita kutchalitchi Lamulungu ngati inu nomwe. Mkhristu wa ku Bethlehem mumuika mbali iti pa nkhani ya Isake ndi Ismayeli? Kwa zaka 400, kuyambira 1517 mpaka 1917, dzikolo lidali m'manja mwa ufumu wa Ottoman wa ku Turkey. Ayuda ndi Akhristu sankatengedwa ngati ofanana ndi Asilamu pamalamulo, koma nkhondo yolimbirana dziko kunalibe. Cha m'ma 1880 kudali anthu pafupifupi theka la miliyoni, ndipo Ayuda sankaposa 5 pa 100 alionse. Ambiri adali anthu opemphera okhala ku Jerusalem, Hebron, Safed ndi Tiberias.

Chinthu chimene ambiri sachidziwa ndi lamulo la malo la 1858. Boma la Ottoman lidalamula kuti minda ilembedwe m'kaundula, aliyense akhale ndi chikalata. Mlimi wamba adachita mantha, chifukwa kulembetsa dzina kunkatanthauza msonkho, komanso kuti boma lidziwa kumene kuli ana ake aamuna likafuna asilikali. Choncho m'madera ambiri minda idalembedwa m'dzina la munthu wolemera wa m'tauni, kapena boma lidaigulitsa kwa amalonda a ku Beirut ndi ku Damascus. Alimi adapitiriza kulima tirigu wawo monga mwa masiku onse, kupereka gawo la zokolola, osadziwa kuti papepala asanduka matenanti pa munda wa makolo awo. Lamulo lomwelo linkanenanso kuti munda ukagonera zaka zitatu osalimidwa ukhoza kubwerera ku boma. Mfundo imeneyi muisunge, tikumana nayonso.

Nthawi yomweyo ku Ulaya Ayuda ankaona zakuda. Kuyambira 1881 magulu a anthu ku Russia ankawaukira, kuwapha ndi kuwawotchera nyumba. Ambiri adathawira ku America, ochepa ku Palestine. Mtolankhani wina wa ku Vienna, Theodor Herzl, adaona kuti Myuda sadzakhala pamtendere kufikira atakhala ndi dziko lakelake, ndipo mu 1897 adaitanitsa msonkhano ku Basel umene udakhazikitsa gulu la Zionism. Herzl sadali munthu wopemphera kwenikweni, ndipo atsogoleri ambiri a chipembedzo cha Chiyuda adatsutsa maganizo akewo, ati kubwerera ku Ziyoni n'kwa Mesiya osati kwa andale. Mu 1903 Angerezi adawalonjeza malo kuno ku Africa, kumapiri a dziko limene lero ndi Kenya, ndipo adakambirana nkhaniyi mpaka adaikana mu 1905. Zimenezi zikuonetsa kuti chimene chinkawathamangitsa poyamba chidali kusowa pothawira.

Tsono Ayudawo atafika ankagula malo, ndalama pamanja, mwalamulo. Apa mnzanu uja akulakwitsa akamati adangolanda. Koma taonani mmene kugulako kunkaonekera kwa mlimi. Banja lina lolemera la ku Beirut, la Sursock, lidali ndi chikalata cha gawo lalikulu la chigwa cha Jezreel, chigwa chachonde kwambiri kumpoto. Pakati pa 1921 ndi 1925 lidagulitsa malowo ku mabungwe a Chiyuda, ndipo anthu a m'midzi yoposa 20 adauzidwa kuti asamuke, ena atapatsidwa kachipukuta misozi kochepa. Kale mwinimalo akasintha, mlimi ankangosintha womupatsa zokolola. Ulendo uno wogula ankafuna munda wopanda anthu, chifukwa bungwe la Jewish National Fund, lokhazikitsidwa mu 1901, lidali ndi lamulo loti malo ake sagulitsidwanso ndipo azilimidwa ndi Ayuda okhaokha. Wa ku Thyolo kapena ku Mulanje amene agogo ake adadzuka tsiku lina ali pa esiteti ya mzungu chifukwa cha pepala limene sadalionepo, n'kuyamba thangata, akhoza kumvetsa mkwiyo wa mlimi wa ku Jezreel. Kusiyana kwake n'kwakuti wogula wa ku Jezreel analibe kwawo kwina kobwerera, ndiponso sankafuna thukuta la mwini mudzi, ankafuna kulima yekha.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, Angerezi adalonjeza malo amodzi kwa anthu angapo. M'makalata a 1915 ndi 1916 adauza Sharif Hussein wa ku Mecca kuti Aarabu adzadzilamulira akawathandiza kugonjetsa Turkey, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana ngati Palestine idali m'lonjezolo. Mu 1916 adagwirizana mobisa ndi France za kagawidwe ka chigawo chonsecho. Pa 2 Novembala 1917 nduna yawo yoona za kunja, Arthur Balfour, idalembera Lord Rothschild, mmodzi wa akuluakulu a Ayuda ku Britain, kalata yaifupi yoti boma la Britain likugwirizana ndi zoti Ayuda akhale ndi kwawo ku Palestine, bola ufulu wa chipembedzo ndi wa moyo wa tsiku ndi tsiku wa anthu ena okhala kumeneko usasokonezedwe. Anthu enawo adali 9 pa 10 alionse, koma kalatayo sidawatchule n'komwe dzina, ndiponso sidanene kanthu za ufulu wawo wodzilamulira. Mu 1922 bungwe la League of Nations lidapereka dzikolo m'manja mwa Britain, mawu a Balfour ali m'kati mwa chikalata cha ulamulirowo.

Chaka chimenecho Ayuda adali pafupifupi 84,000 mwa anthu 757,000. Chiwerengerochi chikadakwera pang'onopang'ono pakadapanda zinthu ziwiri: America idatseka zitseko zake mu 1924, ndipo Hitler adatenga boma ku Germany mu 1933. Mu 1935 mokha mudalowa Ayuda oposa 60,000. Magazi adali atayamba kale kukhetsedwa. Mu 1929 mkangano wa pa Khoma la Kumadzulo ku Jerusalem, malo opatulika amene Ayuda amapempherapo, udabala zipolowe zimene zidapha Ayuda 133, mwa iwo 67 a ku Hebron, ndi Aarabu 116, ambiri mwa iwo owomberedwa ndi apolisi ndi asilikali a Britain. Mu 1936 Aarabu adanyanyala ntchito miyezi isanu ndi umodzi, kenako adatenga zida mpaka 1939. Angerezi adawaphwanya koopsa: anthu pafupifupi 5,000 adafa, nyumba zidagumulidwa, atsogoleri adamangidwa kapena kuthawa. Apalestina adafika chaka cha 1948 ali opanda atsogoleri ogwirizana ndiponso opanda zida zokwanira, ndipo mtsogoleri wawo wodziwika kwambiri, Haj Amin al-Husseini, adali atadzichotsera ulemu pokakumana ndi Hitler mu 1941. Pofuna kuziziritsa Aarabu, Britain idalamula mu 1939 kuti Ayuda 75,000 okha ndiwo alowe m'zaka zisanu. Chitsekocho chidatsekedwa nthawi yeniyeni imene kupha kunkayamba ku Ulaya, kumene Ayuda 6 miliyoni adaphedwa. Zitatero magulu ena a Chiyuda adatembenukira Angereziwo, mpaka kuphulitsa hotela ya King David mu 1946, n'kupha anthu 91.

Britain itatopa idatula nkhaniyi ku United Nations, ndipo apa ndi pamene funso lanu loti bwanji osagawana lidayesedwa. Pa 29 Novembala 1947 mayiko 33 adavomereza, 13 adakana, 10 sadavote, kuti dzikolo ligawidwe pawiri, Jerusalem akhale pansi pa ulamuliro wa mayiko onse. Ayuda, amene adali gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu ndipo adali atagula malo osapitirira 7 pa 100, adapatsidwa pafupifupi 56 pa 100 ya dziko, ngakhale gawo lalikulu lidali chipululu cha Negev. M'dziko la Ayudalo, pafupifupi theka la anthu akadakhala Aarabu. Atsogoleri a Ayuda adavomera. Aarabu adakana, ati n'chifukwa chiyani ife tilipire mlandu wa ku Ulaya. Ine ndimati kukanako kudali ndi chifukwa chomveka koma kudali kuwerengera molakwika mphamvu, chifukwa chimene adakana mu 1947 n'chachikulu kuposa chilichonse chimene adauzidwa pambuyo pake. Komabe ndi anthu ochepa padziko lapansi amene akadavomera kupereka theka la kwawo chifukwa choti mayiko akutali akweza manja ku New York.

Nkhondo idayamba tsiku lotsatira, poyamba pakati pa anthu a m'dzikomo. Mu Epulo 1948 magulu a zida a Chiyuda a Irgun ndi Lehi adapha anthu oposa 100 m'mudzi wa Deir Yassin, ndipo mbiri yake idathawitsa midzi yambiri. Patangopita masiku ochepa Aarabu adaukira mdipiti wa magalimoto opita kuchipatala cha Hadassah n'kupha anthu 78. Pa 14 Meyi 1948 mtsogoleri wa Ayuda, David Ben-Gurion, adalengeza dziko la Israel, ndipo m'mawa mwake asilikali a Egypt, Jordan, Syria ndi Iraq adalowa, Lebanon ikuthandiza kumpoto. Israel idataya anthu pafupifupi 6,000, munthu mmodzi pa 100 alionse, koma idapambana, ndipo pomwe nkhondo inkaleka mu 1949 idali ndi 78 pa 100 ya dzikolo. Apalestina oposa 700,000 adachoka m'nyumba zawo, midzi yoposa 400 idatsala mabwinja. Tsoka limeneli iwo amalitcha Nakba.

Kodi adathawa okha kapena adathamangitsidwa? Kwa zaka zambiri boma la Israel linkati atsogoleri a Aarabu ndiwo adawauza kuti achoke. Nkhokwe za zikalata za boma zitatsekulidwa m'zaka za m'ma 1980, akatswiri a mbiri a ku Israel komweko adapeza kuti zidali zosakanikirana: ena adathawa mfuti zikulira pafupi, ena adathawa mantha, olemera adachoka msanga, ndipo ena adatulutsidwa ndi asilikali, monga anthu a ku Lydda ndi Ramle amene adayendetsedwa pansi padzuwa la mwezi wa Julayi. Kwa ine funso lalikulu si mmene adachokera, chifukwa pankhondo iliyonse anthu amathawa, koma chimene chidachitika mfuti zitaleka. Mu Juni 1948 boma la Israel lidagamula kuti asabwerere, ngakhale United Nations mu Disembala chaka chomwecho idati ofuna kubwerera n'kukhala mwamtendere aloledwe. Mu 1950 nyumba ya malamulo ya Israel idakhazikitsa malamulo awiri. Lina lidapatsa Myuda aliyense padziko lapansi ufulu wobwera n'kukhala nzika. Linalo lidati katundu wa aliyense amene sadali pakhomo pake nthawi ya nkhondo apite m'manja mwa boma, ndipo lidakhudza ngakhale munthu amene adangothawira mudzi woyandikana nawo n'kutsala m'kati mwa Israel. Ndi lamulo limeneli, osati kugula kuja, limene lidasamutsa minda yochuluka. N'chifukwa chake m'makampu a ku Lebanon, Jordan ndi Gaza mabanja amasungabe kiyi wachitsulo wa chitseko ndi chikalata cha nthawi ya Ottoman kapena ya Angerezi, cha nyumba imene idagumulidwa kalekale. Mlandu suwola. Lero olembedwa ngati othawa kwawo, kuphatikiza zidzukulu zawo, akuyandikira 6 miliyoni.

Pali zinthu ziwiri zimene mnzanuyo ayenera kumva. Choyamba, m'zaka zotsatira Ayuda pafupifupi 800,000 adachoka m'mayiko a Aarabu, ena mofuna, ambiri mokakamizidwa, atasiya nyumba ndi masitolo. Ku Iraq kokha adachoka pafupifupi 120,000 mu 1950 ndi 1951. Zidzukulu zawo ndi gawo lalikulu la Ayuda a ku Israel lero, ndiye mawu oti abwerere ku Ulaya kwa iwo alibe tanthauzo. Chachiwiri, kuyambira 1948 mpaka 1967 West Bank, chigawo cha kumadzulo kwa mtsinje wa Jordan, ndi kummawa kwa Jerusalem zidali m'manja mwa Jordan, Gaza m'manja mwa Egypt, ndipo palibe mwa awiriwa amene adapatsa Apalestina dziko. Jordan idangophatikiza West Bank ku dziko lake mu 1950, idatulutsa Ayuda a mu mzinda wakale wa Jerusalem, ndipo kwa zaka 19 Ayuda sankafika pa Khoma lija kukapemphera.

Mu Juni 1967, Egypt itatseka njira ya panyanja ya Tiran n'kusonkhanitsa asilikali ku Sinai, Israel idayamba kuukira ndipo m'masiku asanu ndi limodzi idatenga Sinai, Gaza, West Bank, kummawa kwa Jerusalem ndi mapiri a Golan. United Nations idati malo abwezedwe posinthana ndi mtendere. Ndi Egypt zidatheka: adasayina mu 1979, Sinai idabwerera mu 1982. Ndi Apalestina zidakanika, ndipo chifukwa chachikulu ndi midzi ya Ayuda imene idayamba kumangidwa m'malo olandidwawo. Mu 1967 momwemo loya wa unduna woona za kunja wa Israel, Theodor Meron, adalangiza boma lake mwachinsinsi kuti kukhazika anthu wamba m'malo otengedwa pankhondo n'kuphwanya pangano la Geneva. Sadamumvere. Poyamba ankatenga minda ponena kuti ndi ya chitetezo. Mu 1979 khoti lalikulu la Israel lidakana njira imeneyi pa mlandu wa Elon Moreh, ndipo apa boma lidakafukula lamulo lija la 1858. Pomwe Israel inkalowa, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a malo a ku West Bank ndilo lidali litalembedwa bwinobwino m'kaundula, ndipo mu 1968 asilikali adaimitsa kulembetsako. Tsono akuluakulu ankayang'ana zithunzi zojambulidwa pa ndege, phiri limene likuoneka losalimidwa n'kulilengeza kuti ndi malo a boma, mwini wake n'kupatsidwa masiku ochepa oti abweretse umboni.

Muganizire mlimi wa azitona pafupi ndi Qalqilya kapena Tulkarm. Nyumba yake ili mbali ino, mitengo yake ili kutsidya kwa mpanda umene Israel idayamba kumanga mu 2002, umene m'malo ambiri sutsata malire a 1949 koma umalowa m'kati mwa West Bank. Kuti afike kumunda afunika chiphaso cha asilikali, ndipo chiphasocho chimafuna umboni wa umwini umene agogo ake sadaulembetse. Akachipeza, geti limatsekulidwa nthawi zoikika, mageti ena nyengo yokolola yokha, mu Okutobala ndi Novembala. Amayala malona pansi pa mtengo, ana akupulula zipatso ndi manja, maso ali pa wotchi kuti geti lisawatsekere. Mtengo wosadulira ndi wosalimira umachepa zipatso, ndipo munda wooneka wogonera uli pangozi ya lamulo lija. Tsidya linalo kuli mayi wa ku Netanya kapena ku Jerusalem amene amakumbukira zaka zimene ankaopa kukweza mwana wake basi chifukwa cha mabomba, ndipo kwa iye mpandawo ndiwo udabweretsa tulo. Onse awiri sakunama. Khoti la dziko lonse ku The Hague lidanena mu 2004 kuti mpandawo, kumene wadutsa m'malo olandidwa, ngosemphana ndi malamulo.

Kugawana kudayesedwanso. Bungwe la PLO, lomenyera ufulu wa Apalestina, lokhazikitsidwa mu 1964 ndipo lotsogozedwa ndi Yasser Arafat kuyambira 1969, poyamba linkafuna dziko lonse ndipo magulu a Apalestina ankabera ndege ndi kupha anthu wamba, monga ochita masewera 11 a Israel ku Munich mu 1972. Anthu a ku Gaza ndi West Bank ataukira ndi miyala mu Disembala 1987, PLO idalengeza dziko la Palestine mu 1988 n'kuvomera mfundo ya mayiko awiri, kutanthauza kukhutira ndi 22 pa 100 ya dziko lija. Mu 1993 Arafat ndi nduna yaikulu ya Israel, Yitzhak Rabin, adagwirana chanza ku Washington pa mgwirizano wa Oslo. PLO idavomereza kuti Israel ili ndi ufulu wokhalapo, Israel idavomereza PLO ngati woimira Apalestina, koma mawu oti dziko la Palestine munalibe. Nkhani zonse zolemera, za Jerusalem, othawa kwawo, midzi ya Ayuda ndi malire, adati adzakambirana m'zaka zisanu. Podikira, West Bank idadulidwa patatu, ndipo chigawo chotchedwa C, pafupifupi 60 pa 100, chidatsala m'manja mwa Israel. Chidakali momwemo.

Mbali iliyonse idali ndi anthu ake okonzeka kupha kuti mgwirizanowo ufe. Mu 1994 Myuda wina adawombera n'kupha Asilamu 29 akupemphera ku Hebron. Hamas, gulu la Chisilamu la Apalestina, imene idabadwa mu 1987 ndipo chikalata chake cha 1988 chimati dziko lonselo ndi chopereka cha Chisilamu chosagawika, idayamba kuphulitsa mabasi. Mu Novembala 1995 Rabin adaphedwa ndi Myuda mnzake. Chipani cha Likud cha ku Israel nacho chidalemba m'mfundo zake za 1977 kuti pakati pa nyanja ndi mtsinje wa Jordan padzakhala ulamuliro wa Israel wokha. Apa ndi pamene chipembedzo chimalowa mwamphamvu, chifukwa munthu akati malo adampatsa ndi Mulungu sungakambirane naye za mahekitala. Pa msonkhano wa ku Camp David ku America mu 2000, nduna yaikulu ya Israel, Ehud Barak, ndi Arafat adalephera kumvana, makamaka pa phiri limene pali mzikiti wa Al-Aqsa, pomwenso padali Kachisi. Aisraeli amati tidapereka zambiri iwo adakana. Apalestina amati chimene tidapatsidwa chidali zidutswa zopanda ulamuliro weniweni. Kuukira kwachiwiri kumene kudatsatira kudapha Aisraeli pafupifupi 1,000 ndi Apalestina oposa 3,000, ndipo kudapha chikhulupiriro chimene chidatsala. Nduna yaikulu ya Israel, Ehud Olmert, ndi pulezidenti wa Apalestina, Mahmoud Abbas, adayandikirana mu 2008, osamaliza.

Gaza ndi kachigawo ka masikweya kilomita 365, anthu oposa 2 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo ndi zidzukulu za othawa a 1948. Israel idachotsako anthu ake pafupifupi 8,000 mu 2005 popanda mgwirizano uliwonse. Hamas idapambana chisankho mu 2006, idalanda Gaza ndi mfuti mu 2007, ndipo Israel ndi Egypt zidatseka malire. Abbas adasankhidwa mu 2005 kuti alamulire zaka zinayi, koma chisankho cha pulezidenti sichidachitikenso. Pa 7 Okutobala 2023 Hamas idalowa m'midzi ya kummwera kwa Israel n'kupha anthu pafupifupi 1,200, ambiri anthu wamba, n'kugwira ena pafupifupi 250. Pakati pa ophedwa padali ogwira ntchito m'minda ochokera ku Thailand, ophunzira za ulimi a ku Nepal ndi a ku Tanzania. Nkhondo imene Israel idabwezera idapha anthu oposa 60,000 malinga ndi unduna wa zaumoyo wa ku Gaza, idagumula nyumba zochuluka, ndipo mu Ogasiti 2025 akatswiri ogwira ntchito ndi United Nations adalengeza kuti mu mzinda wa Gaza muli njala yadzaoneni. South Africa idasumira Israel ku The Hague mu Disembala 2023 pa mlandu wofuna kupulula mtundu, mlandu umene Israel imaukana. Mng'ono wanu ali m'nkhani yomweyi, Bambo. Pambuyo pa 7 Okutobala ogwira ntchito ambiri a ku Thailand adabwerera kwawo ndipo Apalestina adalandidwa ziphaso zolowera ku Israel, minda n'kusowa manja. Ndipo mu Novembala 2023 achinyamata 221 oyamba adanyamuka ku Malawi. Ubalewo ngwakale: mayiko ambiri a mu Africa atadula ubale ndi Israel mu 1973, Malawi wa Kamuzu sadadule, ndipo mu 2024 tidatsekula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv.

Abusa anu ali ndi ufulu wowerenga Genesis monga amakhulupirira, ndipo Akhristu eni ake samvana pa tanthauzo la lonjezo la Abrahamu lerolino. Mipingo ya ku Jerusalem ndi ku Bethlehem simaliwerenga ngati chilolezo chochotsa anthu pa minda yawo. Chimene sindingavomereze ndi mawu oti sidzatha, chifukwa amachotsa udindo pa anthu amene adasayina, adalamula ndi kuwombera. Ankanenanso chimodzimodzi za Egypt ndi Israel, koma mtendere wawo wapitirira zaka 40. Mukandifunsa kuti dzikolo ndi la yani, ndikuyankhani kuti mitundu yonse iwiri ili kwawo, ndipo yonse ilibe kwina kopita. Koma sizitanthauza kuti ali pamlingo umodzi. Wina ali ndi dziko, asilikali, pasipoti ndi khoti. Winayo ku West Bank amaweruzidwa m'khoti la asilikali pomwe mnansi wake wa Chiyuda, pamsewu womwewo, amaweruzidwa m'khoti la anthu wamba. Aarabu amene ndi nzika za Israel, munthu mmodzi pa asanu alionse, amavota ndipo ali ndi aphungu, koma a ku West Bank ndi Gaza savotera boma limene limagwira malire, madzi ndi misewu yawo.

Chimene chikulepheretsa kugawana lero n'chakuti chogawanacho chikutha. Nthawi ya Oslo Ayuda okhala m'midzi ya ku West Bank adali pafupifupi 110,000; lero ali pafupifupi 500,000, kuwonjezera oposa 200,000 kummawa kwa Jerusalem. Pakati pa mtsinje ndi nyanja Ayuda ndi Aarabu ali pafupifupi chiwerengero chofanana, oposa 7 miliyoni mbali iliyonse. Mayiko awiri akufuna kusamutsa anthu ambiri amene boma la Israel silikufuna kuwasamutsa, komanso utsogoleri umodzi wa Apalestina umene Aisraeli angaukhulupirire pambuyo pa 7 Okutobala. Dziko limodzi la voti yofanana Ayuda ambiri amalikana poopa kudzakhalanso ochepa. Mu Julayi 2024 khoti la ku The Hague lidati kukhalabe kwa Israel m'malo a 1967 n'kosaloledwa, ndipo mu Seputembala 2025 Britain, France, Canada ndi Australia zidavomereza dziko la Palestine, kufikitsa chiwerengero cha mayiko ovomereza kupitirira 150. Izo ndi za papepala. Pansi, m'chaka chomwecho cha 2025, boma la Israel lidavomereza kumanga nyumba zoposa 3,000 pamalo otchedwa E1, kummawa kwa Jerusalem, zimene zidzadule njira pakati pa Ramallah ndi Bethlehem, ndipo lidagamula kuyambiranso kulemba malo a chigawo C m'kaundula, ntchito imene idaima mu 1968, tsopano wolemba ali Israel yemwe. Mukamamvera nkhani, muzitchera khutu kwambiri ku zinthu ziwirizi kuposa zokamba za pamisonkhano.